Chigayo Chimene Ndinachitseka Pakamwa

Pali ntchito zina zimene munthu umazigwira bwino kwambiri mpaka kutsala pang'ono kuchotsedwa nazo ntchito. Yanga inali yotero, ndipo ndikaikumbukira ndimachitabe manyazi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ine ndikuyendetsa chigayo cha a Mbewe kufupi ndi nyanja ku Salima. Injini yake ya dizilo inali yaphokoso zedi, inkamveka mpaka m'midzi ya kwa Maganga. Tsoka ilo, mzikiti unali pafupi. Tsiku lina a Shehe anabwera ndi tcheyamani wa chipani.

"A Mbewe, anthu sakumva kuitana kwa swala," anatero a Shehe.

Tcheyamani anangoti, "Likapitirira phokosoli, titseka." Masiku amenewo tcheyamani sankabwereza mawu.

Kutseka chigayo ndiye kuti ine ntchito yatha, chonsecho kunyumba mkazi ali ndi pakati. Ndinadziguguda pachifuwa (ine amene sukulu ndinalekera Sitandade 6) n'kuuza a Mbewe kuti, "Bwana, zisiyeni m'manja mwanga."

Ndinakumba dzenje kuseri, n'kukwiriramo mgolo wodzaza miyala, paipi ya utsi n'kuilowetsa m'menemo. Kenako ndinamanga mpanda wa mphasa kuzungulira chipinda cha injini, pakati pa mphasa ndi khoma n'kuthira mankhusu a mpunga. Ndinasiyanso mpata wa mpweya kuti injini isatenthe (musandiyese chitsiru pa zonse). Nditailiza, inkangong'ung'udza chapansipansi. A Shehe anandigwira chanza: "Alhamdulillah, achimwene, muli ndi mutu!" Kuyambira tsiku lomwelo ndinayamba kuyenda ndi pensulo kukhutu.

Mawa lake kunabwera amayi awiri. Mkuja mmodzi. Kenako nkhuku zokha. Ndinkaliza injini, dizilo n'kumapsa, pakhomo pali zii. A Mbewe anayamba kukayikira kuti wina watichita chipongwe cha mankhwala, ine n'kumavomereza ndi mutu.

Patatha sabata ndinakumana ndi mzere wa amayi pamsewu wa kutauni, madengu a chimanga ali pamutu, thukuta lili kamukamu. Patsogolo panali akazi awo a Shehe.

"Amayi, mukupitiranji kutali chigayo chili pafupi?"

"Si chinafa chanucho?"

"Chikugaya bwinobwino!"

"Nanga chimalira liti? Ife m'mawa timayamba tatchera khutu. Tikachimva, timasenza. Kukakhala chete ndiye kuti dizilo watha kapena lamba waduka. Ndani angasenze dengu mtunda wonsewo kukaona loko?"

Pensulo ija ndinaichotsa kukhutu mwakachetechete.

A Mbewe atamva sanachulutse mawu: "Ufukule mgolo wakowo lero, apo ayi upite nawo kwanu." Ndinapita kwa a Shehe, koma ndinapeza nkhani yawafika kale. Sabata yonse akazi awo ankabwera madzulo atatopa ndi ulendo wa kuchigayo cha kutauni, ndipo zikuoneka kuti m'nyumbamo munabuka phokoso loposa la chigayo.

"Bwezani phokosolo, achimwene," anatero asakundiyang'ana. "Muzingozimitsa nthawi ya swala. Tcheyamani ndilankhula naye ndekha."

Ndinafukula mgolo dzuwa likuswa mtengo, amayi atakhala pamadengu awo, akundilangiza kagwiridwe ka khasu. Injini italira, anaimba nthungululu. Ntchito inapulumuka, ndipo ndinaphunzira kuti chinthu usanachitseke pakamwa, uziyamba wafunsa amene amachimvera.

Koma tisanamizane, abale, mgolo uja unkagwira ntchito.