Sabata Imene Nguluwe Inanditaya

Lolemba

Mnzanga Yusufu wabwera kuchokera ku Joni. Wabwera ndi jekete yachikopa, kutentha kwa Mangochi konseku! Wabweranso ndi nsapato zosongoka ndi laputopu. M'laputopumo ndi mmene muli tsoka: gemu yatsopano ya nkhondo zamakedzana, mng'ono wake wa ija timasewera tikaweruka, kuseri kwa shopu ya fotokope ya abwana anga, Che Saidi.

Yakale ija ndi yanga. Sindikudzitama, ndikungonena zoona: palibe anandigonjetsapo. Che Saidi ayi. Yusufu asanapite ku Joni, ayi. N'chifukwa chake mpando wokhala ndi choyedzamira, umene uli pansi pa fani, ndi wanga. Enawo amakhala pa makatoni a mapepala.

Njira yanga ndi yanzeru. Gemu ikangoyamba, anthu anga amathamangira kukasaka nguluwe. Mudzi umakhuta msanga, asilikali amachuluka msanga, ndipo ndimafika pakhomo pa mdani iye akadatola tizipatso tonga nthudza. Che Saidi ndi Yusufu ndi Asilamu, nguluwe saikhudza, ngakhale ya pa sikirini. Zimenezo n'zawo. Ine ndimawina ndi mutu.

Vuto ndi ili: makompyuta a pashopu ndi nkhalamba, sanganyamule magemu awiri kwa nthawi yaitali. Che Saidi agamula: "Loweruka inu ndi Che Yusufu mumenyane pa yatsopanoyi. Wowina anene yotsala, inayo tifufute."

Pulani:
1. Kuiphunzira.
2. Kumukwapula Yusufu anthu akuona.
3. Kulengeza kuti ndi yachabechabe, ichoke.

Gemu imene yakugonjetsa sungainyoze, anthu amati ndi nsanje. Uyenera kuyamba wawina.

Lachiwiri

Zolakwika zimene ndapeza kale:
— Nyumba zake n'zokongola mopitirira muyeso. Nkhondo si ukwati.
— Mabatani onse asamuka. Ndikadina pomangira nkhokwe, pakutuluka wansembe.
— Asilikali akulongolola zinenero zachilendo. A m'gemu yakale ankangovomera n'kumapita.
— Yusufu akuikonda.

Ndikuyeserera ndi kompyuta, pa mlingo wa ana. Koma madzi a m'gemuyi, abale! Akugavira ndendende ngati a kwathu ku Nkhudzi mwera ukangoleka. Ndikupanga ngalawa, ndikupanga ina, ndikuonerera asodzi anga akuponya ukonde, mtima uli myaa. Potembenuka, mudzi wonse ukuyaka. Adani alowa, awotcha, abwerera kwawo, ine ndili kugombe kukamwa yasa ngati mlendo wa pa loji ku Nkopola.

Cholakwika china: madzi amasokoneza munthu.

Lachitatu

Lero ndi tsiku la nguluwe. Ndikuifuna kuseri kwa mudzi, kumene imakhala m'gemu yakale. Kulibe! Ndikuipeza pakati pa tchire, kutali, yaikulu ngati minibasi. Ndikutuma anthu anga ndi mauta awo. Ikuwatha mmodzimmodzi. Womaliza akuthawa atanyamula dengu lopanda kanthu, iyo ili pambuyo.

Ndani analoleza kuti ndiwo ikhale ndi ukali wotere?

Titaweruka Che Saidi akusewera ndi Yusufu, ine ndikuonerera ngati sindikuonerera. Asankha mtundu wa anthu a ngamila ndi mizikiti. Yusufu akufotokoza kuti mtundu umenewu gemu yokha imauletsa kudya nguluwe, ngakhale udine bwanji pa nyamayo. M'malo mwake anthuwo amatola nthudza mwachangu kuposa mitundu ina yonse.

Che Saidi mpaka kugwira chisoti chawo. "Mashallah! Amene anapanga iyi analeredwa bwino."

Ine ndati ndi gemu yokondera. Palibe wandimva, poti ngamila zinali zikulowa m'linga.

Lachinayi

Magetsi athima m'mawa wonse. Ndikujambula nkhondo kuseri kwa mapepala owonongeka. Papepala ndikuwina bwino kwambiri.

Atayaka, Che Saidi akuti, "Bwerani tiyeserere, achimwene." Che Saidi! Munthu wosaka chilembo pa kiyibodi ndi chala chimodzi, magalasi ali pansonga ya mphuno. Munthu wopepesa asilikali ake akafa. Munthu amene ndakhala ndikumuwotchera mudzi kuyambira ndisanakwatire.

Andigonjetsa.

Zifukwa:
— Mausi yanga ikukakamira.
— Fani ikuombera m'maso.
— Yusufu akukukuta chimanga chowotcha kumbuyo kwa khutu langa.
— Njala.

Ndikudzuka pampando, Yusufu akufunsa ndi mawu aulemu, amene ndi oipitsitsa: "Achimwene, zaka zonse zija, ankawina ndi inu kapena nguluwe?" Ndaseka kwambiri, kuti aone kuti sizikundipweteka. Zikundipweteka.

Kunyumba, amake Tadala angondiona nkhope. "Kwagwa maliro kuntchito?" Ndawafotokozera zonse, mwatsatanetsatane, ngamila ndi nthudza zomwe. Iwo akuti, "Ndiye mukulira nkhumba ya m'kompyuta? Ya pambale simunabweretsepo chaka chino."

M'nyumba muno mulibe womvetsa mbiri yakale.

Lachisanu

Masana shopu yatsekedwa, onse apita kumzikiti kukaswali. Ndatsala ndekha ndi makiyi. Ndikanayeserera yatsopano, koma funso la Yusufu likundiluma ngati nsikidzi.

Ndikuyatsa gemu yanga yakale. Tinyumba take tophwatalala, tiasilikali tofanana nkhope ngati ana a bambo mmodzi. Ndimaikonda gemu imeneyi, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ndifuna kudzitsimikizira ndekha kuti ndi mutu. Ndisewera ndi kompyuta, pa mlingo umene Che Saidi amaugonjetsa uku akumwa tiyi. Nguluwe osaikhudza. Nthudza zokha, ngati iwo.

Ndagonja.

Mwina dzanja linali lisanatenthe. Ndikuyambiranso. Ndagonjanso, ndipo ulendo uno mochititsa manyazi, adani afika ine ndilibe ngakhale msilikali wonyamula ndodo.

Ndikuyambanso, tsopano ndi nguluwe. Ndawina ngati mfumu!

Fani ikungozungulira. Ndiye kuti anzangawa ankathamanga nane mpikisano atadzimanga mwendo okha, ine n'kumavina pomaliza. Zimenezi sindiuza munthu.

Pulani yatsopano, yachidule: mawa nguluwe ya m'gemu yatsopano ife basi. Ikafa, ndawina.

Loweruka

Mbiri yawanda, sindikudziwa waiwanditsa ndani. Akabaza aimika njinga pakhomo. Wachipisi wasiya chiwaya. Amayi ogulitsa usipa pakhonde alowa ndi beseni lawo. Yusufu wavala jekete ija, thukuta lili kamukamu, koma savula.

Tayamba. Iye watenga anthu ake a ngamila, akutola nthudza mwakachetechete. Ine ndikusonkhanitsa mudzi wonse: olima, odula mitengo, okumba golide, ngakhale wansembe uja. Onse kunguluwe!

Anthu akuchemerera. Ndikumvetsera bwino: akuchemerera nguluwe. Wakabaza wina akukuwa, "Gwira wadenguyo! Asathawe!" Amayi a usipa akuti, "Mayo ine, nyama imodzi anthu onsewa, ngati pa maliro!"

Ikuluma, tikulasa. Ikuluma, tikulasa. Yagwa!

Ndaimirira, ndakuwa, ndamenya tebulo mpaka stepula kugwa pansi. Anthu anga otsala asenza nyama, ulendo wa kumudzi.

Mudzi kulibe.

Kuli phulusa, ndi ngamila za Yusufu zitaima pamwamba pake ngati zikudikira basi. Anthu anga aima ndi nyama pamutu, poitula palibe.

Chiphokoso cha kuseka mpaka wa sitolo yoyandikana nayo kubwera kudzaona. Che Saidi akundigwira paphewa mwachifundo. "Musadandaule, achimwene. Za nguluwe ife timadziwa kalekale. Timangoti msiyeni mwana wa ku Nkhudzi adye ndiwo yake."

Timadziwa! Kalekale! Ine kumayenda m'tauni muno chifuwa patsogolo, iwo akudziwa!

Yusufu wanena chigamulo chake, osavula ngakhale jekete. Pofufuta gemu yakale, kompyuta ikufunsa ngati tatsimikizadi. M'chipinda monse ndi yokhayo yafunsa. Che Saidi asakasaka batani ndi chala chawo chimodzi chija, adina. Ufumu wanga wapita mofulumira kuposa kufotokopa chitupa.

Lamulungu

Kutchalitchi abusa alalikira za kudzichepetsa. Maso awo amabwerera mbali yanga pafupipafupi. Ndikukayikira amake Tadala.

Tsopano funso lenileni, poti sabata yonse yathera pamenepo: kodi yatsopano ikuposa yakale?

— Madzi: yatsopano.
— Nyumba: yatsopano.
— Ngamila: yatsopano.
— Chilungamo: yatsopano, ndipo ndicho chandipha.
— Ine: yakale.

Ndiye inde, ikuposa. Ndi gemu yabwino kwambiri, ndipo ndimadana nayo ndi mtima wanga wonse.

Masana ndadutsa pashopu, ngati ndikupita kumsika. Ndasuzumira pawindo. Mpando wa choyedzamira ausunthira kale pa kompyuta ya Che Saidi. Ndi mpando wawo, anagula okha, ndangokumbukira lero. Pamalo panga aikapo katoni ya mapepala, ndipo wina, mwachifundo kapena mwachipongwe, wayalapo kansalu.

Che Saidi alonjeza kundiphunzitsa kutola nthudza. Akuti ndisaope, n'zosavuta, zimangofuna kudekha. Iwo akhala akutola zaka zonse zimene ine ndinali mfumu.