Kanjedza wa Ambuya m'Bini Lobiriwira

Anthu a mumsewu wathu ku Pamodzi amandidziwa kuti ndine munthu wosalankhula koma woona zonse. Mbiri imeneyi ndinkainyadira mwakachetechete, mpaka chaka chimene khonsolo inatibweretsera mabini. Nkhaniyi ndaganiza zoifotokoza ndekha chifukwa ambuya akhala akuikamba pamaliro ndi paukwati paliponse, ndipo nthawi zonse amawonjezeramo galu wondithamangitsa. Galu panalibe. Zina zonsezo, mwatsoka, n'zoona.

Ndinakulira m'manja mwa ambuya, amayi awo a mayi anga. Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo kuyambira pamenepo takhala awiriwiri m'nyumba imene ambuya aamuna anasiya atatopa ndi ntchito ya kumgodi. Ambuya sataya kanthu. Zitini za mafuta, mabotolo, zivindikiro zopanda mapoto ake, zonse zili m'kashedi kuseri kwa nyumba. Timatumba ta pulasitiki amatichapa n'kutiyanika pachingwe ngati malaya a khanda. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: "Chilichonse chili ndi tsiku lake."

Kale zinyalala tinkakwirira m'dzenje, kapena kukaunjika pakona ya msewu pamene mbuzi ndi ntchentche zinkachitira msonkhano. Ndiye khonsolo inasankha misewu ingapo kuti iyeserepo njira yatsopano. Nyumba iliyonse inalandira mabini atatu. Lachikasu linali la zitini, mabotolo ndi pulasitiki, lobiriwira linali la masamba ndi makoko zoti akapangire manyowa, ndipo lakuda linali la zotsala zonse. Pamsonkhano anati pakufunika munthu mmodzi pamsewu uliwonse wothandiza anzake kusankhula. Aliyense anayang'ana zala zake za kumapazi. Kenako ba Mulenga, aneba athu amene anapuma ntchito ya kumgodi, anandiloza, akusakaniza Chibemba chawo chaulemu.

"Musankhe uyu mukwai. Sakamba, sangayambane ndi munthu."

Anandiveka jekete lowala la antchito a khonsolo. (Abale, chenjerani ndi munthu wachete mukamupatsa jekete.) Pasanathe sabata ndinali nditayamba kusuzumira m'mabini a eni ake. Ndikapeza botolo m'bini lobiriwira ndinkalitulutsa n'kuliimika pakhomo pa mwini wake, osanena kanthu. Anthu ankaopa botolo limenelo kuposa kukalipiridwa.

Koma kashedi ka ambuya kankandichititsa manyazi. Ndingaphunzitse bwanji msewu wonse pamene kwathu kuli phiri la zitini? Tsiku lina Lolemba m'mawa, mu February mvula ili pakati, ambuya anapita kukiliniki kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Ndinadikira akhote pakona, ndipo ndinalowa m'kashedi ngati wakuba.

Zitini ndinangotengapo zochepa, za kumbuyo, chifukwa za kutsogolo amazidziwa ndi nkhope. Kuseri kwa chitseko ndinapeza thumba la chiguduli lomanga kukamwa. Ndinamasula, n'kuona masamba a nthochi ouma. Sindinapisemo dzanja. Ndinangoti mumtima, taonani, tsopano ayamba kusunga ndi masamba omwe. Ndinakumbukiranso zimene anatiphunzitsa, zoti chiguduli chimaola, choncho thumba lonse likhoza kulowa m'bini lobiriwira osakhuthula. Ndinaliponyamo, n'kudzimva wophunzira kwambiri. Naini koloko lole ya khonsolo inafika, dzanja lake lachitsulo linanyamula bini n'kulikhuthulira m'mimba mwake, ndipo ine ndinaimirira pageti ndi jekete langa n'kuibayibitsa.

Ambuya anabwera masana, anavula nsapato, ndinawapatsa tiyi. Atamwa pang'ono anati:

"Iwe mwana, mawa undinyamulire thumba lija kutchalitchi. Akuwotcha fili koloko."

"Thumba liti, ambuya?"

"La kanjedza. Lili kuseri kwa chitseko m'kashedi. Ndinaphimba ndi masamba a nthochi chifukwa denga lija likudontha."

Kwa amene si Akatolika, ndifotokoze. Kanjedza amene timanyamula pa Lamulungu la Kanjedza amakhala wodalitsidwa. Timamuluka timitanda n'kupachika m'nyumba chaka chonse, ndipo Lenti ikayandikira timamubweza kutchalitchi kuti awotchedwe. Phulusa lake ndi limene amatipaka pachipumi pa Lachitatu la Phulusa. Chinthu chodalitsidwa sichitayidwa kudzala, zimenezi ndi mwana woyamba katekisimu yemwe amadziwa. Kwa zaka zambiri wotolera kanjedza m'chitente chathu, kagulu ka akhristu a m'dera lathu, anali amai Tembo. Chaka chimenecho anali atasamukira kwa mwana wawo ku Nkana East, ndipo chitente chinapereka ntchitoyo kwa ambuya. Unali udindo wawo woyamba mumpingo chibadwire. Anayenda khomo ndi khomo masabata atatu ndi mawondo awo otupa aja, pamene ine, woona zonse, ndinali kalikiliki kuyang'ana m'mabini a anthu.

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kuulula. Ine ndinati, "Chabwino, ambuya." (Awa ndiwo matenda anga. Zinthu zikavuta pakamwa pamatsekeka, mutu n'kuyamba kupanga mapulani oipa.)

Ambuya atangonyamuka kupita kokapemphera korona ndi anzawo, ndinathamangira kwa ba Mulenga, amene ali ndi mtengo wa kanjedza wokongoletsa pabwalo.

"Muli shani, ba Mulenga?" ndinapereka moni m'Chibemba. "Ndimapempha nthambi zingapo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kanjedza lero? Awe mayo, mwafulumira. Yesu akali kutali ndi Yerusalemu."

"Ndi za tsache."

"Tsache la khonsolo?"

"Eya."

"Dulani mukwai, musandiimikire botolo pakhomo."

Vuto linali lakuti nthambizo zinali zaziwisi, zobiriwira ngati bini lomwe lija. Ndinaziyanika padenga, mvula inagwa. Ndinati ndizisite, magetsi anali atathima. Pamapeto pake ndinakatenga simbi ya makala ya ambuya, yomwe m'mawa womwewo ndinatsala pang'ono kuiponya m'bini lachikasu. Ndinasita kanjedza tsamba ndi tsamba patebulo lodyera, utsi uli tolo, maso akutuluka misozi. Masamba ena anapsa, ena anasanduka amizeremizere ngati nsomba yootcha. Kenako ndinayesa kuluka mitanda. Ndakhala ndikuonerera amayi akuluka moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti kuonerera si kudziwa. Ndinathira zonse m'thumba lina la chiguduli (la ambuya lomwe, la m'gulu la zoyenera kutayidwa), ndinaphimba ndi masamba a nthochi, n'kuliika kuseri kwa chitseko.

Lachiwiri m'mawa ambuya anati ndilitulutse panja. Analiyang'ana, ananunkhiza.

"Thumba ili likununkha ngati malaya opserera."

Anamasula, anachotsa masamba a nthochi, anatulutsa mtanda umodzi n'kuukweza m'mwamba. Anautembenuza uku ndi uku kwa nthawi yaitali.

"Uwu ndi mtanda, kapena ndi chule wopondedwa ndi lole?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anapitiriza:

"Wa amai Zulu ndimaudziwa, amaluka ngati tsitsi. Wa a Phiri amangopinda kawiri, ulesi. Koma woluka uyu sindinamuonepo m'chitente chathu."

Kenako kuseka kunawathera pankhope. Anapisa dzanja mpaka pansi pa thumba, anafufuza, anakhuthulira zonse pansi n'kuyamba kupatula ndi zala.

"Ka ulusi wofiira kali kuti?"

Sindinkadziwa za kamtanda kameneko. Anandiuza pomwepo, atakhala pakhonde, osandiyang'ana. Kanali kamtanda kamene mayi anga analuka pa Lamulungu la Kanjedza lawo lomaliza, n'kukamanga ndi ulusi wofiira wa m'chitenje chawo. Ambuya anakasunga m'buku la nyimbo zaka zoposa makumi awiri. Chaka chilichonse amai Tembo akabwera kudzatolera, ankawapatsa wina, aka n'kukabisa.

"Chaka chino ndinati, poti wonyamula ndine ndemwe, kapite. Kakapse pamodzi ndi anzake. Ndimafuna mayi ako akukhudze pachipumi, ngakhale kamodzi."

Pamenepo pakamwa panatseguka. Ndinaulula zonse, bini, lole, ba Mulenga, simbi. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Iwo anangoimirira, anamanga chitenje mwamphamvu, anatenga ambulera.

"Vala jekete lako lija. Tiye."

Tinakwera minibasi mpaka kunja kwa tauni, kumalo kumene khonsolo imasankhulira zinyalala. Sindinali ndinafikako. Kunali mashedi aatali, amayi ovala magolovesi ataimirira m'mbali mwa lamba woyenda akutola mabotolo, ndipo kumbuyo kunali milu ya manyowa ikufuka nthunzi. Ambuya anapereka moni kwa bambo wa pageti m'Chibemba chawo cha kumsika.

"Mwabombeni mukwai. Zobiriwira za ku Pamodzi za dzulo zili kuti?"

Bamboyo analoza mulu wautali kuposa nyumba yathu. Anati makina ogaya ayamba kuudya ileveni koloko. Nthawi n'kuti itadutsa kale teni. Anaona jekete langa, anaganiza kuti ndine wa ntchito, ndipo anatitsegulira.

Ndinakwera muluwo. Amene simunapondepo makabichi a sabata yathunthu m'nyengo ya mvula, thokozani Mulungu. Phazi loyamba linalowa mpaka m'bondo. Lachiwiri linalowa mpaka m'ntchafu, ndipo potuluka linatuluka lopanda nsapato. M'katimo munali motentha ngati mwa munthu wodwala malungo. Ndinafukula ndi manja makoko a nthochi, mapesi, mango oola, ndi zinthu zina zimene mpaka lero ndimakana kuzikumbukira. Ambuya anali pansi ndi ambulera yawo akulamula.

"Kumanzere! Ayi, kumanzere kwa ine! Si iwe umaona zonse?"

Antchito anayamba kusonkhana. Wina anafunsa mnzake mokweza ngati ameneyu ndi insipekitala watsopano. Mnzakeyo anati ngati ndi choncho ndiye khonsolo yafika patali, mainsipekitala akale ankangoima pageti atatseka mphuno.

Ndinafukula, ndikulira pang'ono, ndikupemphera pang'ono. Patapita nthawi ndinazindikira kuti mawu a ambuya sakumvekanso. Nditacheuka ndinawaona atakhala pampando pamthunzi wa shedi, akumwa madzi m'kapu, akucheza ndi mayi wina wonenepa wa magolovesi ofiira. Pamiyendo pawo panali thumba la chiguduli.

Ndinatsika chokwawa, nsapato imodzi, kabichi ali m'tsitsi.

Mayiyo anali bana Chanda, kutanthauza amake Chanda, amene ntchito yawo ndi kumasula thumba lililonse lisanalowe m'makina. "Anthu amabisa mabotolo m'matumba," anatero, "ndiye ine sindikhulupirira thumba lomanga. Dzulo nditamasula ili ndinapeza mitanda yokhayokha. Ine si wa Katolika, mayo, koma mtanda sindingauponye m'chigayo. Ndinakaliika mu ofesi pamwamba pa kabati. Ndinadziwa kuti mwini wake abwera akuthamanga."

"Ambuya," ndinatero, "mwalipeza nthawi yanji?"

"Kanthawi ndithu."

"Osandiitana?"

"Lenti ndi nyengo ya kulapa, mwanangu. Ndinati uyambiretu."

Bana Chanda anaseka mpaka anagwira bondo. Kenako anandiyang'ana jekete n'kunena kuti, "Inu a jekete, mukamaphunzitsa anthu muziwauza kuti aziyang'ana m'kati asanataye." Ndinavomera ndi mutu. Ambuya anatambasula dzanja lawo pang'onopang'ono. Kamtanda kanali m'chikhatho, kakang'ono kuposa chala, kofiirira ngati tiyi, ulusi wake utazilala. Kanalukidwa bwino kwambiri, mothina, mopanda nsonga yotuluka. Ndinafuna kukagwira koma ndinayang'ana manja anga n'kuwabweza.

Ananditsuka ndi paipi yotsukira malole. Ngakhale zinali choncho, kondakitala wa minibasi anandikhazika pafupi ndi chitseko n'kutsegula mawindo onse. Fili koloko tinali kuseri kwa tchalitchi, ine nditasamba kawiri. Akatekisiti anayatsa moto m'mbiya yachitsulo, zitente zonse zinathira kanjedza wawo, ndipo ambuya anakhuthula thumba lathu mutu uli m'mwamba. Kamtanda kaja anakasiya komalizira. Anandipatsa ine kuti ndikaponye. Kanapsa msanga, ngati kanali kakudikira.

M'mawa mwake wansembe anandipaka phulusa pachipumi monga amachitira chaka chilichonse. Pobwerera pabenchi ambuya anandiyang'ana pamenepo nthawi yaitali, kenako anandikonza kolala imene inali yokonzeka kale. Tsiku limenelo sindinasambe kumaso mpaka phulusa linachoka lokha.

Jekete ndikadali nalo, ndipo msewu wathu umasankhula bwino kuposa yonse yoyandikana nayo. Thumba lomanga ndimalimasula mpaka pansi. Koma nkhondo ya kashedi ndinagonja kotheratu. Masiku ano ndikangonyamula chitini kulowera kubini lachikasu, mawu amachokera pakhonde:

"Icho n'chodalitsidwa."

"Ambuya, ndi chitini cha mafuta ophikira."

"Abambo mfumu atabwera kudzadalitsa nyumba, madzi anagwerapo. Ndinaona ndi maso anga."

Ndimachibweza. Nanga ndingatsutse ndi nkhope iti?

Nsapato yanga ya kumanzere sinapezeke, iyenera kuti ikumeretsa repu m'dimba la munthu wina. Ya kumanja ndinati ndiitaye m'bini lakuda, mwalamulo lake. Madzulo ndinaipeza m'kashedi, yopukutidwa bwinobwino, ili pashelefu pakati pa simbi ya makala ndi zivindikiro zopanda mapoto. Sindinafunse. Yankho ndikulidziwa.