A Daka ndi Maluwa a Kashu

Ku Kaumbwe, munthu akafuna kupeleka moni kwa a Lazarous Daka ankayang'ana kumwamba. Nyengo ya maluwa ikafika, bambowo ankakhalila mumitengo yawo ya kashu. Anali nayo isanu ndi umodzi: itatu ankaithilila, itatu ankaimana madzi dala, ati aone yomwe ichite maluwa ambili. M'mawa uliwonse ankawelenga maluwa a nthambi zapamwamba, zapakati ndi zapansi, mbali ya dzuwa payokha, ya mthunzi payokha. Nthambi zapansi ankazikalipila ngati ana aulesi.

Abusa atabwela kudzafunsa chifukwa chimene anasiyila kupemphela, a Daka anawapempha kuti angogwilako makwelelo pang'ono. Abusawo anachoka masana, khosi litauma, ulaliki osaunena.

Akazi awo, a Olipa, ndiwo ankadziwa kuwawa kwake. Madzi onse a pachitsime ankathela kumitengo itatu ija, tomato wawo akufota. Koma chaka ndi chaka, mtengo wochita maluwa koposa unali wa kuseli kwa khichini, womanidwa madzi. A Daka anapalasa njinga mpaka ku Nyimba kukalalika kuti kashu amafuna ludzu, ndipo alimi ena anasiyadi kuthilila.

 Kwa zaka khumi ndi chimodzi a Olipa ankataya madzi otsukila mbale patsinde pa mtengo womwewo. Poyamba sanaganizepo kanthu, kenaka anaopa kunena.

A Daka atadwala mwakayakaya, chikumbumtima chinawavuta mayiwo. Anakhala pambali pa mphasa n'kuulula zonse, akuyembekeza mkwiyo. 

"Amake Mildred," anatelo odwalawo, "ndowa zingati pa tsiku?"

"Ziwili. Alendo akabwela, zitatu."

"Ndiye tiyambilenso. Chaka chino muziwelenga alendo."

Anamwalila mu Ogasiti, maluwa akungoyamba kutuluka. Pamalilo panabwela alimi a ku Nyimba aja, ndipo a Olipa anawaitanila pambali mmodzimmodzi n'kuwauza kuti akathilile mitengo yawo.

Masiku ano mitengo yonse isanu ndi umodzi imamwa mofanana, tomato nayenso ali bwino. Pakhomo pali zii. Tsiku lina a Olipa anayesa kuwelenga maluwa a nthambi imodzi yapansi. Atafika pa makumi anayi anasokoneza, n'kutembenuka kuti afunse a Daka.