Aphunzitsi Amene Ankadya Udzu

Malemu a Ayironi akaona tsamba lomera lokha sankalidutsa osalithyola n'kulilawa. Anali mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, ndipo atasowa ana oti aziwaphunzitsa, anasandutsa msewu wonse kalasi. Dzinalo anawapatsa ndi anthu, chifukwa ngakhale moni ankauyankha ndi nkhani ya ayironi wowonjezera magazi.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Bwino kuposa inu. Tatong'olani maso ndione. Mbee! Magazi mulibe, chonsecho mwaponda bonongwe."

Amene ankauona ululu wake anali akazi awo. Mayiwo anali telala, munthu waukhondo wodziwa kuzitchena, ndipo padziko pano ankangofuna chinthu chimodzi: anansi aleke kunena kuti kunyumba kwawo amadya ngati mbuzi. Koma iwo akadzala maluwa pakhomo, bambo ankazula.

"Duwali lili ndi chiyani? Fungo basi. M'chisosomu muli vitamini A."

"Inu bambo, chisoso chanucho chikumata masiketi a makasitomala anga!"

"Ndiye kuti akupita ndi mbewu kwawo. Azithokoza."

Tsiku lina mayi anaganiza zotsuka dzina lawo. Anaitana amayi a mumsewumo, pamodzi ndi mayi a pagolosale, amene pankhani ya miseche anali wailesi yosathima. Anagula nyama, natulutsa mbale za alendo. Zonse zinkayenda bwino mpaka bambo anatulukira ndi poto wa luni, n'kuyamba kufinyira mandimu m'mbale ya aliyense osapempha.

"Vitamini C ndiye amatsegulira ayironi chitseko," anatero.

Tiyi atabwera, analanda makapu onse.

"Muli tanini umu! Amamanga ayironi ngati wapolisi. Mumwa chakudya chikatsika."

Mayi a pagolosale anatsala mlomo uli chisongokere pomwe panali kapu. Pofika madzulo, nkhani inali itamveka mpaka kusiteji ya basi kuti kwa atelala amadyetsa alendo udzu n'kuwamana tiyi. Mayi analira ndi mkwiyo, ndipo kunena zoona, ndani akanapirira?

Chachikulu chinachitika pamene munthu wa khonsolo anabwera ndi chikwakwa kudzatchetcha malo a kuseri kwa nyumba. A Ayironi anakagona chagada pakati pa thengolo, atavala tayi.

"Achimwene, yambani mwatchetcha ine. Apa pali kashiamu wolimbitsa mano wokwanira msewu wonse."

"Madala, ine andituma."

"Amene wakutumaniyo mano ali nawo angati?"

Anthu anakhamukira. Mayi anachita kuitanidwa ali pamakina, ndipo anakawadzutsa amuna awo nkhope itagwa pansi, tepi yoyezera ili m'khosi. Popita kunyumba bambo ankafotokozabe kuti masamba ena uyenera kuwawiritsa n'kutaya madzi oyamba, chifukwa muli asidi wolanda kashiamu. Mayi sanamve kanthu. Ankangomva kuseka kwa anthu kumbuyo.

A Ayironi anagwa m'mawa wina atawerama pathengo lawo lomwelo, ndipo sanadzukenso. Adokotala anati magazi awo anali osiririka, unatopa ndi mtima.

Maliro atatha, mayi analimitsa pakhomo ponse n'kuthira simenti kumaso kwa nyumba. Miseche inatha. Pagolosale panafika timabotolo ta ufa wa masamba akutchire, tolembedwa Chingerezi, ndipo anthu omwe ankaseka aja ankatilimbirana. Koma msewu unazizira. Moni ankangobwera ndi moni mnzake, wopanda chipongwe, ndipo aliyense ankayenda ndi maso ake osapimidwa.

Kenako mayi a pagolosale anafika kwa atelala opanda nsalu yosoketsa. Anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Anzanga, mwana wanga uja ndi woyembekezera. Kuchipatala akuti magazi achepa kwambiri. Mapiritsi amupatsa, koma ati azidyanso masamba. Timabotolo tija tikumuchititsa nseru. Aphunzitsi ankati timasamba titi?"

Mayi anasiya makina. Anatsogola mpaka kuseri, pomwe thengo linali litakulanso. Bonongwe ndi chisoso anazizindikira, koma panali timasamba tina tambirimbiri timene bambo ankati tina adye, tina awiritse kaye, tina asakhudze n'komwe. Anawerama, nathyola tsamba limodzi, nalitembenuza uku ndi uku. Misozi inayamba kudontha.

"Ankandiuza tsiku ndi tsiku, mayi," anatero. "Koma ine makutu anga anali kwa inu."