Tsiku limene ndinasamutsa malemu pa wilibala

Nkhaniyi tikuidziwa anthu asanu okha, ndipo mmodzi mwa ife anamwalira kalekale. Ndikuiulula lero chifukwa yandilemera.

Ndimachita lendi chipinda chapansi m'nyumba ya Mayi Greta, gogo wachizungu wa ku Oshawa, kuno ku Canada. Kuseri kwa nyumbayo kuli kamunda komvetsa chisoni: timiyala tokhatokha, kamchenga pang'ono, ndi timaluwa tonyentchera tomera m'mipata. Ukathirapo madzi amangolowa ngati wathira m'dengu. Ine wa ku Ntcheu, wokulira m'mizere ya kachewere, ndikakaona mtima unkandiwawa.

Mwezi wa Meyi gogoyo anapita kukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, kenako kukachirira kwa mwana wawo ku Markham. Ponyamuka anandigwira dzanja.

"Kamunda kaja musakathirire, kamadzisamala kokha."

"Musadandaule, mayi," ndinayankha. (Mumtima ndinkati: gogoyu akungochita manyazi kundituma.)

Loweruka ndinali pa ofu. Ndinatenga fosholo ndi wilibala m'galaja, ndinazula timaluwa tija bwinobwino, n'kuyamba kukokolola timiyala. Mawilibala asanu ndi limodzi! Panjira yotsikira kuchipinda kwanga pankadikha madzi mvula ikagwa, ndiye timiyala tonse ndinakathira pomwepo, n'kupondaponda ndi majombo kuti titsendereke. M'kamundamo ndinathiramo dothi lakuda ndi manyowa, n'kubwezeramo timaluwa. Kuthirira m'mawa, kuthirira madzulo. Ndinkadziona kale ndikulandira mayamiko.

Sabata isanathe timaluwa tinayamba chikasu. Ndinati ludzu limeneli, n'kuonjezera madzi. (Inde, ndikudziwa.) Tsiku lachikhumi ndinakoka kamodzi, kanangothothoka, mizu ili phalaphala, ikununkha.

Tsiku lomwelo kunabwera Karen, mwana wa gogoyo, kudzatenga makalata. Anaima pakhomo lakumaso.

"Amayi akufunsa kuti adadi ali bwanji kuseriko."

Ndinaseka pang'ono, kuyesa kuti Chingerezi chandidutsa. Bambo akewo anamwalira ine ndisanafike n'komwe ku Canada.

"Sanakuuzeni?" anatero. "Adadi anakulira m'chigwa cha kumapiri, kumadzulo uko, kozizira koopsa. Timaluwa tija n'takwawo. Kumeneko nthaka ndi timiyala, madzi sakhalitsa, ndiye mizu siwola, ndipo nyengo yozizira siundana m'madzi. Kamundako anakakonza okha kuti kafanane ndi kwawo. Atamwalira tinawatentha, phulusa lawo tinaliwaza momwemo, pakati pa timiyalato."

Abale inu! Karen akuyankhulabe, ine ndikungoona mawilibala asanu ndi limodzi aja. Ndafukula manda. Ndanyamula mwini nyumba ngati zinyalala. Ndamuthira pachithaphwi, ndipo masiku khumi ndakhala ndikumuponda popita kuntchito ndi pobwera, tsiku lina nditanyamula thumba la ufa.

"Ali bwino," ndinamva pakamwa panga pakutero. "Ali bwinobwino."

Galimoto yake itangokhota ndinaimbira Anaphiri, mayi wa kumpingo kwathu amene amakhala ku Etobicoke, yemwe ndimamutenga ngati mchemwali wanga.

"Achemwali, ndaphwanya manda a mzungu."

Anaphiri anafuula pafoni.

"Iwe, wati chiyani? Kuno zimenezo ndi za apolisi. Akakuchita lipoti, mapepala ako okhalira kuno aja uwaiwale."

"Nanga nditani?"

"Mubweze! Mubweze yense, usasiye ngakhale chala. Ndipo upepese, usamangomunyamula ngati simenti."

Kuchipinda kwanga khomo ndi limodzi, ndipo kuti ulifike uyenera kuponda panjira paja. Ndinaima pakapinga mphindi zambirimbiri ndikungopayang'ana. Mphepo ikagwedeza chitseko cha galaja, ine tsitsi nyau nyau. Kwathu munthu sulowa kumanda popanda chilolezo, ndiye ine ndinali nditachita kusamutsa mwini wake. Ndinaganiza za apolisi, za ndege yobwerera kumudzi, za mayi anga akufunsidwa ndi anthu kuti mwana wanu anam'thamangitsiranji.

M'mawa mwake ndinaimba kuntchito kuti ndadwala (silinali bodza kwenikweni). Ndinamanga chitenje, ndinatenga beseni ndi chipande, chifukwa fosholo ndinaona kuti ndi chipongwe. Ndinagwada panjira paja n'kuyamba kutapa.

"Pepani bambo, sindinadziwe. Tiyeni tibwerere kwanu. Pepani, apa ndikukandani pang'ono."

Kafumbi kalikonse kotuwa ndinkakatola ndi manja awiri. Kaya anali malemu, kaya unali mchenga, sindinafune kuyesa mwayi.

Ndili pabeseni lachisanu, ndinamva ndodo ikugunda simenti kumbuyo kwanga. Go. Go. Go. Ndinatseka maso. Ndinati basi, abwera okha kudzafunsa.

"Mukuyankhula ndi ndani?"

Anali Mayi Greta, atatsamira ndodo ya kuchipatala, Karen ali pambali. Anatopa nako ku Markham, anabwerako msanga.

Ndinaulula zonse ndili chogwada, chipande chili m'manja, mamina ndi misozi zasakanikirana. Gogoyo anapita pang'onopang'ono kukamunda kaja. Anawerama movutikira, anatola kaluwa kamodzi kowola, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo ija.

"Aka mwamuna wanga anakadzala chaka chimene tinalowa m'nyumba muno," anatero motsitsa mawu.

Kenako anatembenukira kunjira kuja, kumene timiyala tambiri tinali tikadali.

"Ndiye mukuti ali apo? Pachithaphwi?"

"Eya, mayi."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka mpaka Karen anawagwira kuti asagwe.

"Zaka zonse zija ndinkamuchonderera kuti atseke chithaphwi chimenechi, iye ankangoti mawa. Lero watseka. Amene watsala apoyo musiyeni, agwire ntchito."

Apolisi sanabwere. Koma chilango ndinalandira: masabata atatu ndikuchotsa manyowa anga, kusakaniza timiyala ndi mchenga, gogo ali pampando akundiloza ndi ndodo. Timaluwa tinayi tokha tinapulumuka. Tinaphuka chaka chotsatira, popanda ndi dontho lomwe lochokera kwa ine. Ndinaphunzira kuti pali zomera zina zimene ukazichitira chifundo umazipha.

Za kusiya bambo panjira zija, iwo anaziona zoseketsa, ine ayi. Mpaka lero sindipondapo. M'mawa uliwonse, kaya kuli dzuwa kaya sinoo, ndimaima pamwamba pa masitepe nditavala yunifomu, ndimanong'ona kuti "Mwadzuka bwanji, bambo," kenako ndimadumpha. Aneba anandifunsa tsiku lina kuti masewera olimbitsa thupi amenewa ndinawaphunzira kuti. Ndinawauza kuti ndi a kwathu.