Mphindi Zisanu za a Manijala

Kwa a Manijala Wamkulu,
Nyumba za Alendo za Pachimake,
Kulikonse kumene muli.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba kalata ino nditagwada, ngakhale mawondo anga sanabwerere mwakale chigonereni kwanu. Ndikadakonda kukuthokozani pamaso, koma masiku onse amene ndinakhala m'nyumba yanu, mayi wa pofikira alendo ankandiuza kuti mwangotuluka kumene. Ndazindikira kuti ndinu munthu wotuluka kwambiri, ndiye ndati ndilembe poyera, mwina kalatayi ikakupezani kunja komweko.

Mundilole ndidzidziwitse. Ndine dalaivala wa basi wopuma pantchito. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndadyera mtunda ndi nthawi, ndipo ndinkadzitama kuti pa nkhani ya mphindi palibe angandipusitse. Mayi akunyumba ndi telala. Chaka chino anasankhidwa kukaonetsa madiresi awo ku chionetsero cha malonda mumzinda wanu, chinthu chimene akhala akuchilota kuyambira kale akusokera pakhonde la sitolo ya eni ake. Anasoka miyezi inayi mpaka maso kufiira, madiresi khumi ndi awiri. Okonza chionetsero anawapatsa tebulo la pakhomo penipeni polowera, koma anachenjeza kuti amene sadzafika isanakwane eyiti koloko m'mawa, tebulo lake lidzapita kwa wina.

Ntchito yosankha pogona inagwera ine, monga katswiri wa zamaulendo m'banjamo. Alamu anga, akulu awo a mayi akunyumba, amene anabwera nafe kudzathandiza, anatchula kahotelo kena koyang'anana ndi holo ya chionetsero. Ine ndinakakana. Ndinawafotokozera modekha, ngati ndikuphunzitsa kondakitala watsopano, kuti munthu wodziwa kuyenda safuna bedi lokha. Amafuna khitchini, pokhala, ayironi yositira madiresi, ndipo koposa zonse malo abwino. Ndinawaonetsa pafoni mawu anu okoma aja: "Pakati penipeni pa mzinda. Mphindi zisanu kuyenda pansi kukafika ku holo ya chionetsero." Alamu anawerenga kawiri, n'kundibwezera foni.

"Chabwino, alamu," anatero. "Misewu mumaidziwa ndinu."

Tsopano ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo ponena zoona kuti nyumba yanu ili pakati. Ilidi pakati: pakati pa owotcherera zitsulo ndi mulu wa matayala akutha. Wa takisi amene anatitenga kudepoti anazungulira katatu, n'kuima, n'kufunsa wogulitsa misomali, yemwenso anafunsa mnzake. Titafika, wa takisiyo anajambula chipata chanu pafoni, akuti akawaonetse anzake chifukwa sakakhulupirira.

Chachiwiri, zikomo chifukwa chosamala thanzi la alendo. Munatipatsa chipinda pa nsanjika yachisanu, ndipo pachitseko cha chikepe munamata pepala lakuti chikukonzedwa. Pepalalo, Bwana, lafiira ndi ukalamba, ndipo kangaude wamangapo nyumba yokhazikika, ya ana ndi adzukulu. Sindikadadandaula ndikadakhala ndi sutikesi yokha. Koma tinali ndi Adona. Adona ndi chidole chachikulu chovekapo madiresi, msinkhu wa munthu, cha mutu wake ndi manja ake, ndipo mayi akunyumba amachilemekeza kuposa abale ena. Ndinakwera nawo masitepe makumi asanu ndi anayi nditawakumbatira m'chiuno, alamu akubwera pambuyo osanena kanthu. Kusanena kanthu kwa alamu anga, Bwana, kumamveka mpaka nsanjika yachisanu.

Chachitatu, khitchini. Munalemba kuti ili ndi zonse zofunika, ndipo ndaphunzira kuti zimene ndinkaziyesa zofunika moyo wanga wonse zinali kudzikonda chabe. Tinapeza mafoloko asanu ndi limodzi, supuni ayi. Tinapeza poto mmodzi wopanda chogwirira, ndi chivindikiro cha poto wina amene, ndikhulupirira, nayenso anangotuluka kumene. Mbaula yamagetsi ili ndi mapuleti awiri, imodzi yowotcha ngati moto wa ng'anjo, inayo yongokongoletsa. Nditatsika kukafunsa za ayironi, mayi wa pofikira alendo anandiuza mwaulemu kuti nyumba yonse ili ndi ayironi imodzi, ndipo ili m'chipinda cha bambo wina amene anapita kumsonkhano ndi kiyi. Ndinakweranso masitepe aja ndi uthengawo. Mayi akunyumba sanataye nthawi. Anawiritsa madzi mu poto uja, n'kuyala kansalu pa diresi, n'kusita madiresi khumi ndi awiri ndi matako a poto, alamu atawagwirira ndi mathaulo. Luso limeneli sakadalidziwa popanda inu.

Apa ndiyamikire zenera lanu, chifukwa silinaname. Madzulo amenewo, dzuwa likadalipo, ndinatsegula katani ndipo holo ya chionetsero inali apo, denga lake lobiriwira, mbendera zikuuluzika, moti munthu wa dzanja lamphamvu akhoza kuponyako mwala. Ndinaitana alamu kuti adzaone. Ndinalozanso ndi chala. Ndikuvomereza kuti ndinamwetulira.

Chachinayi, ndipo apa ndapukuta magalasi kuti ndilembe bwino, ndi mphindi zisanu zija.

Tinanyamuka kota pasiti seveni, chifukwa dalaivala weniweni amasiya mpata. Mayi akunyumba anaveka Adona diresi loyera lalitali, labwino kuposa onse, kuti lisakwinyike m'chikwama, n'kuwafunditsa nsalu ya pabedi kuyambira kumutu mpaka kumapazi poopa fumbi. Ine ndinawasenza paphewa. Tinayenda mphindi zinayi molunjika, holo ikukula pamaso pathu, mtima wanga uli mbee. Mphindi yachisanu tinafika pampanda wa waya wautali kuposa basi. Kuseri kwake kunali njanji. Kuseri kwa njanji kunali msewu waukulu wa mizere isanu ndi umodzi, wokhala ndi khoma pakati. Kuseri kwa khomalo ndiye kunali holo, pafupi kwambiri moti tinkamva akuyesa zokuzira mawu.

Wosesa mumsewu anatiuza kuti mlatho wa oyenda pansi ulipo, tingotsata mpandawo kumanzere, tisatope. Munthu akakuuza kuti usatope usanayambe n'komwe, Bwana, uyenera kuchita mantha.

Tinayesa takisi. Magalimoto anali atangoima mndandanda ngati pamalo ogulitsira magalimoto. Dalaivala mmodzi yekha anatsitsa galasi, n'kuyang'ana chimene ndinasenza, n'kukwezanso galasi lake msangamsanga. Apa ndi pamene ndinazindikira mmene tinkaonekera: bambo wa imvi atasenza thupi lokutidwa nsalu yoyera, mapazi akutuluka kumbuyo, amayi awiri akumutsata nkhope zili zakugwa. Anthu anayamba kupatuka. Amuna ankavula zipewa. Mayi wina wogulitsa zipatso anagwira pamtima n'kutipepesa, ndipo alamu anga, amene saseka ndi anthu achilendo, anayankha kuti zikomo, zimachitika.

Pamwamba pa mlatho anatiimitsa wapolisi. Anandilamula kuti nditsitse katunduyo pang'onopang'ono, manja anga aziwaona. Ndinaimika Adona. Iye anakweza nsalu ndi nsonga ya ndodo, n'kukumana ndi nkhope yawo yosaphethira ija. Anayang'anana kanthawi. Kenako anawongola yunifolomu, n'kuwapatsa moni Adona, n'kufunsa mayi akunyumba ngati diresi lotero lingapezeke la munthu wonenepa pang'ono, chifukwa mchemwali wake akukwatiwa. Mayi akunyumba anamulembera nambala ya foni padzanja, maso ali pa wotchi yanga.

Tinalowa mu holo nthawi ili twente faifi pasiti eyiti. Mphindi makumi asanu ndi awiri, Bwana, pa wotchi imene sinandinamizepo. Pa tebulo la pakhomo lija panali patakhala kale bambo wogulitsa mapampu a madzi, akuwongola kansalu kake. Okonza chionetsero anapepesa, anati lamulo ndi lamulo, ndipo anatiperekeza kumapeto kwenikweni kwa holo, pa tebulo lotsala, pafupi ndi khomo la zimbudzi.

Apa sindiseka. Mayi akunyumba sanakalipe. Anavundukula Adona, n'kuyamba kuwongola kolala ya diresi lija, kuiwongola, kuiwongolanso, ngakhale inali yowongoka kale. Takhala m'banja zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka atanditukwana pagulu. Ndinaima pambali ndi nsalu ya pabedi yanu m'manja, osadziwa poiika, osadziwanso podziika ndekha.

Koma pali chimene okonza chionetsero sanachiganizire. Pakhomo lolowera munthu amadutsa kamodzi, akuthamanga. Kumene anatiika ife, aliyense amafikako, mabwana ndi antchito omwe, ndipo amayi amaimako pamzere wautali wopanda chochita china koma kuyang'ana. Pofika masana, mzerewo unkagwira nsalu, kufunsa za msoko, kuyezedwa m'chiuno. Ena anabwera dala, akuti akufuna kuona maliro aja anaoloka mlatho m'mawa. Tsiku lachitatu kunabwera mwini sitolo yaikulu ya zovala, amene anaima pamzere womwewo ngati wina aliyense, ndipo potuluka anapempha mayi akunyumba kuti aziwasokera. Madzulo ake mayi akunyumba anandikhululukira, pang'ono. Alamu anandigulira botolo la mankhwala opaka paphewa, n'kuliika patebulo.

Chonde, Bwana, musathamangire kulemba pa chikwangwani kuti nyumba yanu imabweretsa mwayi. Mwayiwo unasokedwa miyezi inayi pa makina opalasa ndi mapazi. Inu munangoonjezapo mtunda.

Ndinafunsa mayi wa pofikira alendo kuti anayeza mphindi zisanuzo ndani. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti munayeza nokha pa mapu, ndi rula. Ndinasangalala kumva zimenezi, chifukwa ndinkaopa kuti munatuma njiwa. Rula ndi chida chabwino. Sichitopa, sichiona mpanda, ndipo sichinasenzepo Adona.

Ndikadasiyira pamenepa, pakuti zathu zinatha bwino. Koma m'mawa wonyamuka, tikutsika komaliza, tinakumana pofikira alendo ndi mayi wina atagwira dzanja bambo ake okalamba, a ndodo, diso limodzi lomatidwa ndi thonje. Anali atangofika kumene. Mayiyo anandiuza monyadira, monga mmene ine ndinanyadira, kuti anasankha nyumba yanu chifukwa munalemba kuti ndi mphindi zitatu kukafika kuchipatala cha maso, ndipo bambo akewo ayenera kukaonekera kwa dokotala m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu. Ndinafunsa kumene chipatalacho chili. Chili kuseri kwa holo ya chionetsero. Chipinda munawapatsa cha nsanjika yachinayi.

Alamu anga ndi amene anatsegula chikwama chawo, n'kutulutsa kapepala kolembapo nambala ya kahotelo kaja ndinakakana, kamene anakasunga masiku onsewo osandionetsa, n'kumupatsa mayiyo. Sutikesi ya agogowo ndinainyamula ndekha kukafika pamsewu.

Choncho, Bwana, pempho langa ndi laling'ono, la munthu wosaphunzira kwenikweni. Ndikudziwa kuti mawu olembedwa ndi bwana ndi olemera, ndipo sangasunthidwe chifukwa cha dalaivala wopuma pantchito kapena nkhalamba ya diso limodzi. Sindingayerekeze kukupemphani kuti muwafufute. Ndikungopempha modzichepetsa kuti, tsiku limene mudzakhale ndi kampata, munyamule nyumbayo mukaiike pamene munalemba kuti ili. Anthu okuthandizani kukankha musavutike kuwafuna. Aliyense amene anagonapo kwanu adzabwera yekha, ndipo ambiri adzafuna kuti inuyo mukhale kutsogolo.

Ine wanu wotsikitsitsa, wa phewa limodzi lopendekeka,

Dalaivala wopuma pantchito,
Mlendo wakale wa nsanjika yachisanu.