Mkono wa Apongozi

Ku Madziwa kuli ng'ombe yamphongo imene anthu amaitchula kuti Juzi, ndipo wochititsa ndine. Ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ndiinene ndekha, chifukwa mmene akuikambira azilamu anga ndikuoneka wopusa kuposa mmene ndinalili.

Ine ndinabadwira mu Bindura momwemu, kuno ku Zimbabwe, ndimakhala kudera la Aerodrome. Makolo anga ndi a ku Malawi, a amuna anganso chimodzimodzi, kungoti iwo atapuma ntchito ya mumgodi anakakhazikika ku minda ku Madziwa. Tsiku loyamba kukaonekera kumeneko, apongozi anga aakazi anandiyang'ana zikhadabo, n'kuuza mnzawo kuti, "Manja awa ndi ogwirira foni basi." Ankaganiza kuti Chichewa sindimva. Ndinamva bwinobwino, ndipo mawuwo anandikhala pamtima zaka zinayi.

Chaka chatha apongozi aamuna anadwala chifuwa, chija cha anthu amene anapuma fumbi la pansi moyo wawo wonse. Apa ndinati mpata ndi uwu. Ndiwalukira juzi ya wulu, yeniyeni, ya mizere yopotana ngati chingwe, kuti chisanu cha mu Juni chiwapeze atakonzeka, komanso kuti mayi aja aone zimene manja a foni amatha. (Kuluka ndinaphunzira ku gulu la amayi ku tchalitchi, ndipo chachikulu chimene ndinali nditalukapo chinali chipewa cha khanda. Zimenezi sindinaziganizire.)

Vuto linali muyeso. Kwathu mpongozi sayandikira apongozi aamuna, ndiye kuwazunguliza tepi pachifuwa n'kosayamba. Ukafika umagwada chapatali, maso pansi. Zaka zinayi zonsezo, nsapato zawo ndinkazidziwa bwino kuposa nkhope yawo. Amuna anga anandibera juzi yakale ya bambo awo, ndipo thupi ndinayezera pamenepo, koma mikono yake anaidula kalekale ali kumgodi. Nditawafunsa za kutalika kwa mikono, thandizo lawo lonse linali lakuti, "Adadi ndi aatali, iwe ungoluka."

Ndiye ndinatumiza uthenga wa mawu kwa mkazi wa mlamu wanga wamng'ono, mtsikana wa Chishona amene anali atangokwatiwa kumene pakhomopo. Mwa Chishona ine ndimamuitana kuti mainini, iye amanditchula maiguru, ndipo apongozi aamuna tonse timati baba. Ine ndikamayankhula ndimasakaniza zinenero ngati ndiwo za pa ukwati. Ndinati, "Mainini, ndapota chonde, munditorere chingwe muyeze mkono wa baba, kuyambira paphewa kutsika mpaka kumapeto. Koma baba asadziwe." M'mutu mwanga ndinkanena mkono wa jekete yawo yopitira ku tchalitchi. Mawu oti jekete ndinawameza.

Mawa lake anayankha akupuma mwabefu. "Zvaita, maiguru. Asi anga achida kundikava." Kutanthauza kuti zatheka, koma amafuna kundimenya theche. Ine ndinangogwira pakamwa, n'kumati kani madala ofatsa aja ali ndi mbali inanso. Ndinamupepesa mtsikanayo, mpaka ndinamupempherera.

Chingwe chinabwera pa kombi, minibasi zathu za kuno, chili mu envulopu. Nditachiika paphewa langa, chinakafika pabondo. Munthu wanzeru akanaimba foni n'kufunsa. Ine ndinakumbukira nsapato zikuluzikulu zija, ndinakumbukiranso zoti adadi ndi aatali, n'kutenga singano zanga.

Miyezi itatu ndinaluka. Ndinaluka mu kombi, ndinaluka pa nthawi yopuma kuntchito, ndinaluka mpaka pa mzere wa kuchigayo. Mizere yopotana ija ndinaimasula kanayi, chifukwa ina imapotera kumanja, ina kumanzere, ngati anthu okangana. Nditaidziwa, ndinayamba kuyenda modzimva. Mikono ndiyo inandimaliza. Wulu wotuwa unatha ndisanafike kumapeto kwa chingwe, kusitolo kunali kutatsala wofiira wokha, ndiye kunsongako ndinasakaniza wofiira ndi wotuwa wotsala, timadontho ndi timizere, n'kumadziuza kuti ndi luso.

Tinapita Lamlungu lina mu Juni, banja lonse lili pabwalo kuothera dzuwa. Ndinagwada, n'kupereka phukusi kudzera kwa apongozi aakazi. Madala anavala. Pachifuwa inakhala ngati anabadwa nayo, mizere ili ndondondo, ndipo ndinamva wina akuti, "Hmm." Kenaka anaimirira, mikono ija n'kugwa. Inadutsa zala, inadutsa matumba a buluku, n'kukalendewera m'mawondo.



"Kodi mwana ameneyu," anatero apongozi aakazi mosakweza mawu, "akuti bambo anuwa ndi nyani?"

Ndinatulutsa chingwe chija m'chikwama ngati umboni wa kukhoti. "Muyeso ndi uwu, amayi. Anayeza ndi mainini."

Mainini anatong'ola maso. "Ko maiguru, handiti makati mukono wababa?" Kutanthauza kuti, kodi simunanene mukono wa baba? Anatero akuloza kukhola, kumene ng'ombe yamphongo ya apongozi inaima ikubzikula, yosadziwa kanthu.

Mukono. M'Chishona ndiyo ng'ombe yamphongo, ndipo ine mawu amenewo ndimawadziwa, Chishona ndimayankhula tsiku lililonse. Mtsikana uja analowa m'khola yekha, n'kuyeza mwendo wakutsogolo wa ng'ombe, kuyambira paphewa mpaka pachiboda. Akuti ankaganiza kuti ndikufuna kuisokera chofunda, poti anthu a m'tauni timaveka ndi agalu omwe.

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mipando. Amuna anga, amene analumbira pamaso pa abusa kuti adzakhala nane pa mavuto, anali atagwira mtengo wa mango akulira ndi phwete. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa miyezi itatu ija ndinali nditangotsimikizira mayi aja kuti ananena zoona.

Amene sanaseke ndi mwini juzi. Anakhala pansi, manja ali m'kati mwa mikono ija, akuwafinya pang'onopang'ono. Kenaka anati, "Zala zangazi zinaphedwa ndi jekehama yoboolera miyala kumgodi. Kukazizira zimachita dzanzi, ngakhale kapu ya tiyi sindigwira. Chaka chino lero ndi tsiku loyamba kuzimva kuti zilipo."

Pamenepo nzeru zinandibwerera. Singano ndi sizasi zinali m'chikwama. Ndinati, maso ali pansi, "Ndikadula zotsalazo, ndingathe kuwapangira zovala m'manja. Koma sindikudziwa podula."

Madala anatambasula dzanja kuloza kumene ndinagwada. "Bwera, mwana wanga, uyeze wekha. Ng'ombe yayezedwa kale, watsala ndine."

Ndinayenda chogwada mpaka pamene anakhala, ndipo ndinaika chizindikiro pamene pathera mkono weniweni wa munthu. Aka kanali koyamba kuwaona nkhope pafupi. Ndi aatali ndithu, koma osati choncho.

Kumudziko ndinakhalako mpaka Lachiwiri. Ndinadula, n'kumalizitsa bwino milomo ya mikono kuti isamasuke. Zidutswa za timadontho tofiira zija ndinazitseka kunsonga, n'kulukirapo chala chachikulu chokha, zala zinazo zizikhalira limodzi m'thumba n'kumafunditsana. Lamlungu lotsatira akuti anavala zonse ku tchalitchi, ndipo sanavule ngakhale dzuwa litakwera. Aliyense wowapatsa moni ankauzidwa kuti waluka ndi mpongozi wa ku Bindura. Za ng'ombe anthu ankauzidwa ndi ena.

Phunziro ndilo sindikudziwa ngati ndinalitola, poti mpaka lero ndimasakanizabe zinenero, ndipo ndikapita ku Madziwa ana amandifunsa ngati ndabwera kudzayeza Juzi mwendo winawo. Koma mwezi watha kunyumba kwanga kunafika mlendo wosayembekezeka, atanyamula wulu wobiriwira m'jumbo. Anali apongozi aakazi. Anakhala pa sofa, anamwa tiyi, anadandaula za kombi, kenaka anaimirira pakati pa balaza n'kutambasula mikono yonse iwiri.

"Yanga ikhale ya zopotanapotana zomwezo," anatero. "Ndipo uyeze ndi manja akowo. Za foni ayi."